Ngalande ya Pamwamba pa Masitepe

Bambo anga anamanga masitepe 142 m'phiri la kuseri kwa tauni yathu popanda wowatuma. Anali mmisiri womanga nyumba. Atapuma pantchito, anzawo akugula mipando yofewa n'kumawodzera pakhonde, iwo analowa gulu la anthu odzipereka amene amakonza njira zokwerera phirilo. Loweruka lililonse ankadzuka m'mamawa, kuvala jombo, n'kunyamula mgwala wozulira miyala ndi levulo yawo yakale yoyezera kuwongoka kwa khoma. Anthu a m'gulumo anaseka poona munthu akukwera phiri ndi levulo ngati akukamanga kalasi, ndipo dzina linamera pomwepo. Mpaka lero ambiri amangowadziwa kuti a Levulo.

Panali malo ena otsetsereka kwambiri, a dothi lofiira la katondo, pamene anthu ankakwera chokwawa n'kutsika ndi matako. Bambo anawatenga malowo ngati munda wawo. Mwala uliwonse ankaukwirira magawo awiri, gawo limodzi lokha n'kuonekera. Akauika ankaimirirapo n'kudumpha katatu, ukangogwedera pang'ono ankauzula n'kuyambiranso. Anzawo anatopa nawo n'kuwasiya okha. Ntchitoyo inawatengera zaka khumi ndi chimodzi, ndipo amayi anamwalira akudandaulabe kuti phiri lija ndi mkazi mnzawo.

Koma ife a m'nyumba tikawayamikira za masitepewo ankapukusa mutu. "Masitepe aliyense atha kumanga. Nkhani ndi ngalande." Ngalandeyo inali pamwamba pa sitepe yomaliza, kuseri kwa zitsamba zaminga, pamene munthu woyenda m'njira sangaione. Anaikumba mopingasa n'kuyalamo miyala yafulati, kuti madzi ochokera kumtunda azipatukira kukhwawa asanafike pamasitepe. Inkafuna munthu woitsegula, kuchotsamo masamba ndi mchenga mvula isanayambe, komanso ikangogwa yamphamvu. Zimenezi ankachita okha ndi kakhasu ka mpini waufupi. Poti sanali munthu wolongolola, m'gulu monse munalibe amene ankadziwa kuti kumtundako kuli ngalande.

Chaka chatha anadwala sitiroko. Dzanja lamanzere ndi mwendo zinafooka, pakamwa panapotoka pang'ono, koma mutu unatsala wakuthwa ngati lumo. Ndinawatenga kuti tizikhala limodzi m'nyumba yanga ya zipinda ziwiri, mmene ndimasokeramonso mayunifolomu a ana asukulu. Achimwene anga amakhala kutali, ndipo thandizo lawo ndi malangizo a pafoni, amene satha ngati mchenga.

Tsiku lina Bambo anandiitana n'kundipatsa kakhasu kaja.

"Sindikukupempha kuti ukanyamule miyala, mayi," anatero. Ankanditchula mayi akafuna kundinyengerera. "Ngalande yokha basi. Madzi saiwala khwawa. Ukangoisiya, abwerera m'njira yawo yakale."

"Musadandaule, Bambo. Ndiziitsegula."

"Mvula isanayambe."

"Ndamva, Bambo."

Ndinavomera msanga, mmene ndimavomerera kasitomala wofuna diresi mawa. Atelala tonse timamudziwa mawa wathu kuti ndi wamtali bwanji.

Umu ndi mmene ndinalowera gulu lija. Tinkakumana pa kashedi kosungira zida m'munsi mwa phiri. Wapampando anali mphunzitsi wamkulu wopuma, munthu woti ngakhale pogawa mafosholo ankayamba ndi mawu otsegulira. Panalinso Injiniya, bambo waulemu wogwira ntchito za misewu, amene ankayeza kutsetsereka kwa phiri ndi foni. Otsalafe tinali osakanizika: anamwino awiri, bambo wina wa ku banki wa pakamwa pothamanga, ndi azimayi angapo amene ankabwera kudzachepetsa thupi n'kumabwerera atadya kuposa kunyumba. Tinkadula nthambi zotchinga njira, kutola mabotolo, ndi kupaka penti yachikasu pamiyala kuti alendo asasochere. Ndinene zoona, ndinasangalala. Sabata yonse ndimakhala pakati pa makina osokera ndi munthu wodwala, pamene kuphiri kunali mphepo, kuseka ndi miseche.

Bambo nawo anadzipezera ntchito. Ndikamabwera Loweruka masana ndinkawapeza atakhala pakhomo ndi beseni, burashi ndi kamtengo. Jombo ankaipana ndi mawondo n'kumatokosa matope ndi dzanja labwinolo. Ndinawaletsa kamodzi, koma mmene anandiyang'anira sindinabwerezenso. Ankatola kadothi, kukafikisa ndi zala, n'kunena kumene ndayenda. "Lakudali ndi la kudambo, pa kamlatho paja. Uyu ndi katondo wa pamasitepe anga." Phiri lonse ankaliwerenga kupansi kwa jombo zanga, ndipo tsiku limenelo ankadya bwino.

Masitepe ndinkawasamala, pamenepo palibe angandinamizire. Ndinkasesa, kuzula udzu m'mphepete, kenako n'kujambula ndi foni kuti Bambo akaone. Odutsa akayamikira ndinkati, "Anamanga ndi bambo anga," chifuwa chili patsogolo. Kungalande ndinapitako kamodzi. Minga inanding'ambira malaya, linthumbu linandikwera m'miyendo, ndipo masamba owola anali atadzaza mpaka m'mphepete. Ndinapalapala pang'ono uku ndikumva anzanga kumunsi akuseka ndi kutsegula mafulasiki a tiyi. Ndinati ndidzamaliza Loweruka likubweralo. Ngalande sijambulika bwino, ndipo palibe amene amakuyamikira chifukwa cha dzenje la kuseri kwa minga.

"Ngalande?" Bambo ankafunsa, maso ali pa jombo.

"Ndatsegula."

Bodza loyamba linandilemera pakamwa. Pofika lachitatu linkatuluka lokha ngati moni.

Mvula yoyamba inangowaza, yachiwiri chimodzimodzi, ine n'kumati ndapulumuka. Kenako inagwa masiku atatu osakata. Bambo anakhala pawindo masiku onsewo akuyang'ana kuphiri, kumene mitambo inali itaphimba. "Pano ngalande ija ikugwira ntchito," anatero mokhutira, ngati munthu amene mwana wake akulemba mayeso atawerenga. Ine tsiku limenelo ndinasoka kolala mozondoka n'kuiphwasula kawiri.

Loweruka tinakwera tonse kukaona. Kuyambira sitepe ya 60 kupita kumtunda kunalibe njira. Madzi anatsika pakati penipeni n'kukumba chigwembe chofika m'chiuno. Miyala ina inali itapendekeka, ina ikulendewera, dothi la pansi pake litapita. Anzanga akugwira pakamwa, ine ndinazemba n'kukwera cham'mbali kukaona ngalande. Sindinaipeze. Mchenga ndi matope zinali zitaikwirira n'kusalaza pamwamba ngati sipanakumbidwepo chiyambire. Mulungu andikhululukire, chimene ndinamva poyamba si chisoni. Mtima unakhala pansi chifukwa umboni unali utakwiririka.

Titatsika tinakhala pamiyala pafupi ndi shedi. Injiniya anafotokoza modekha, akujambula pansi ndi kamtengo.

"Akuluakulu amene anamanga apa anali ndi luso, miyala anaiika bwino zedi. Koma anaiwala chinthu chimodzi. Malo otsetsereka chonchi amafuna ngalande pamwamba yopatutsa madzi. Kuti masitepewa akhala zaka zonsezi ndi mwayi chabe."

"Amisiri akale," anatero wa ku banki uja. "Mphamvu zambiri, sukulu pang'ono."

Anthu anaseka, kenako anakumbukira kuti ndilipo n'kuyamba kutsokomola. Wapampando anatembenukira kwa ine.

"A Telala, musakhumudwe, ndi nthabwala chabe. Kapena muli ndi mawu?"

Kakhasu kanali m'chikwama changa, mpini ukundibaya pamsana. Amati kutsutsa galu n'kukumba, ndipo ine ndinkadziwa pokumba. Mphindi khumi zokha, miyala yafulati ija ikanaonekera. Koma ikanaonekera, funso lotsatira likanakhala lakuti amayenera kuitsegula ndani. Ngalande yogwira ntchito zaka zonsezo n'kudzalephera chaka chimene ine ndalowa gulu, samu imeneyo ngakhale wa ku banki akanaikhoza.

"Ndilibe mawu," ndinatero.

Anagwirizana zolambula njira yatsopano yokhotakhota kumbali ina ya phiri, ya dothi lakuda, ndipo yakaleyo itsekedwe. Kutseka njira kuli ndi kachitidwe kake. Simungoika chikwangwani, poti anthu okwera phiri chikwangwani amachiwerenga atachidutsa kale. Mumazula miyala, kugaula dothi, n'kuunjikapo nthambi ndi minga kuti diso la woyenda lisaone kuti panali njira. Miyala ya Bambo imene madzi anaisiya inakana kuzuka. Amuna atatu pa mgwala umodzi, thukuta lili kamukamu.

"Munthu ameneyu ankamanga masitepe kapena ankabisa chuma?" anafunsa wa ku banki akupukuta kumaso.

Ine ndinagwira nawo mgwalawo. Sitepe ya 12 inali ndi kamzere koyera pakati. Ndimaikumbukira chifukwa Bambo anaikoka masiku awiri kuchokera kukhwawa, nabwera kunyumba chala chitaphwanyika, amayi akuwakalipira uku akuwamanga bandeji. Tinaizula, kuigubuduzira kutchire, ndipo anthu anawomba m'manja. Nanenso ndinawomba, poti manja akakhala chete pagulu amafunsidwa.

Vuto linali jombo. Tsopano zinkabwera ndi dothi lakuda lokhalokha. Choncho tikamaweruka ndinkatsalira ngati ndikumanga zingwe, n'kutapa katondo m'kapepala ka pulasitiki. Ndikafika pakona ya msewu wathu ndinkawerama kuseri kwa mpanda wa aneba n'kupaka jombo zonse ziwiri. Mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wosokera sukulu zitatu, kumadzola nsapato matope kuti anamize bambo ake. Zithunzi ndinkawaonetsa zakale zomwe zija, iwo n'kumagwedeza mutu.

Anapitiriza kutsuka jombo, koma anasiya kunena kumene ndayenda. Loweruka lina anatokosa nthawi yaitali, akuyala timatope panyuzipepala.

"Munthu akamatsika phiri amadutsa kudambo pomaliza," anatero ngati akudzilankhulira. "Dothi lakuda limakhala kunja, katondo mkati. Masiku ano zikusemphana."

Ndinaponda makina osokera mwamphamvu kuti ndisamve zotsatira. Panalibe zotsatira. Kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso za ngalande.

Njira yatsopano itatha, Wapampando anaganiza zoti gulu likathokoze a Levulo ndi satifiketi. Ndinayesa kuzemba. Ndinati akudwala, ndinati alendo amawatopetsa, ndinanamiziranso dokotala.

"Mphindi zisanu zokha, a Telala," anatero Wapampando. "Munthu timamuthokoza akadali moyo."

Anabwera Lamlungu masana ndi Injiniya. Ndinawachingamira pageti n'kuwapempha kuti asatchule za masitepe, chifukwa Bambo sakudziwa ndipo mtima wawo ndi wofooka. Onse anavomera mwachifundo, ndipo Injiniya anandiuza kuti ndine mwana wabwino. Mawu amenewo anandiwawa kuposa minga ya kungalande.

Bambo anali atavala jekete, ndevu nditawameta m'mawa. Pabalaza pathu m'pothina. Alendo anakhala pakati pa makina osokera ndi mulu wa mayunifolomu osamaliza, mawondo akugunda tebulo. Mphindi zisanu za Wapampando zinakwana makumi awiri. Anatchula kudzipereka, chilengedwe, mibadwo ya m'tsogolo, kenako anapereka satifiketi ya mufelemu. Bambo anailandira ndi dzanja limodzi, naiika pamwendo osaiwerenga. Anatembenukira kwa Injiniya.

"Ndinu amene mumayeza phiri ndi foni?"

"Ndine, bambo."

"Atsala angati?"

"Achiyani, bambo?"

"Masitepe anga."

Injiniya anandiyang'ana, ine ndinayang'ana makapu. Ndi munthu wosadziwa kunama, vuto la anthu oleredwa bwino.

"Palibe otsala, bambo. Mvula inawononga kumtunda, ndiye a kumunsi tinazula potseka njira. Pepani kwambiri."

"Anavuta kuzula?"

"Kwambiri. Mgwala umodzi unapindika."

Mbali ya pakamwa pa Bambo imene imagwirabe ntchito inamwetulira pang'ono. Anasisita felemu ija ndi chala.

"Nanga chinalakwika n'chiyani? Mundiuze ngati mmisiri mnzanga, musandinyengerere."

"Ntchito yanu inali yolimba, bambo," anatero Injiniya mosankha mawu. "Kungoti pamwamba pamafunika ngalande yopatutsa madzi. Panalibe."

Kunja galimoto ya aneba inkakana kulira. Bambo sanandiyang'ane. Ndikanakonda akanandiyang'ana, kunditukwana pamaso pa alendo, kapena kundigenda ndi satifiketi ija. Mawu anali pakhosi panga, ochepa chabe: ngalande inalipo, ndinaisiya ndine. Nthawi yonenera inalipo yokwanira, chifukwa Bambo anadikira ndithu. Ine ndinanyamula tiipoti n'kuthira tiyi m'makapu.

"Eya," anatero Bambo pang'onopang'ono. "Ngalande. Ndinaiwala. Ndi ukalamba."

"Zimachitika, achikulire," anatero Wapampando mosangalala kuti nkhani yadutsa. "Ngakhale ife pophunzitsa tinkaiwala zina."

"Njira yanu yatsopanoyo ili ndi ngalande?" Bambo anafunsa Injiniya.

"Zilipo zinayi, bambo."

"Muuze anthu ambiri pamene zili. Musauze munthu mmodzi."

Injiniya ananena kuti ndi malangizo abwino, n'kuwalemba mufoni.

Munthu amene ankazula mwala kasanu chifukwa wagwedera pang'ono anavomera pamaso pa alendo kuti anaiwala chinthu chimene mmisiri aliyense amayamba nacho. Dzanja linapita, mwendo unapita, masitepe anapita, chimene chinawatsalira ndi dzina la ntchito yawo, ndipo analipereka kuti langa lisade. Ndinachita manyazi, koma ndinapsanso mtima. Ndinapsera mtima Wapampando ndi felemu yake, Injiniya ndi ulemu wake, ngakhalenso Bambo amene, chifukwa munthu akakuphimba chonchi pagulu wakutseka pakamwa. Kuulula tsopano kukanakhala kuwasandutsa iwo wabodza.

Alendo atapita ndinagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Bambo."

"Chotsa makapuwa, ntchentche zayamba."

"Bambo, ndimafuna ndinene kuti..."

"Kakhasu kanga kaja ubweretse."

Ndinakatulutsa m'chikwama. Anakatembenuza, nayang'ana kumsonga kumene kunali kutagwira dzimbiri chifukwa chosakumba. Anadzuka ndi ndodo yawo, kukokera mwendo kuchipinda, ndipo ndinamva akukakankhira kunsi kwa bedi. Satifiketi anaisiya pa mulu wa mayunifolomu. Achimwene ataimba foni n'kumva za satifiketiyo anati ndiipachike pabalaza, pamalo ooneka bwino.

Loweruka lotsatira sindinaime pashedi kuti ndimve mawu otsegulira. Ndinatenga fosholo n'kukwera ndekha cham'mbali mwa njira yotsekedwa ija, ndikupanyula nthambi zimene ndinaunjika ndi manja anga omwewa. Kuseri kwa minga ndinayamba kukumba. Linthumbu linalipo, minga inalipo, ndipo sizinandiphe. Sipanathe ola, miyala yafulati inaonekera, yoyalidwa bwinobwino, yopendekera kukhwawa mmene levulo inawauzira. Palibe ngakhale umodzi umene unasuntha. Ndinachotsa mchenga wonse mpaka kumapeto, n'kuthira madzi a m'botolo langa kuti ndione. Anayenda molunjika n'kupatukira kukhwawa, kutali ndi pamene panali masitepe. Ntchito yonseyo inanditengera nthawi yochepa kuposa kusoka siketi imodzi.

Ndinatsika kudzera kudambo, pa kamlatho paja. Kupansi kwa jombo zanga kunali katondo weniweni mkati, dothi lakuda kunja, mmene ziyenera kukhalira. Ndinayenda mosamala njira yonse kuti matope asagwe, ndikudziwa kuti akangotokosa kamodzi ndi kamtengo kawo adziwa kumene ndinali.

Pakhomo panalibe beseni. Burashi inali itapachikidwa pamsomali, ndipo Bambo anali m'chipinda akumvera wailesi. Ndinavula jombo n'kuziika pamene ankazipeza nthawi zonse, moyang'ana kumpando wawo. Potuluka kukaothera dzuwa anazilambalala ndi ndodo, nandifunsa ngati madzi osamba atentha. Ananditchula dzina langa, osati mayi.

Jombozo zinakhala pomwepo Lamlungu lonse ndi Lolemba. Lachiwiri dothi linali litauma n'kuyamba kugwa lokha, ndiye ndinalisesa.